Ndinangoti Ndiwaperekeze Pageti

Ine mantha ndinabadwa nawo, zimenezo sindikana. Koma mantha amene ndinali nawo zaka zimene tinkakhala pa esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu anali amtundu wina, odzuka nawo, opita nawo kumjigo, ogona nawo. Kwathu ndi kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, chigawo cha Angonia. Chilankhulo ndi chomwechi, mafuko ndi omwewa, moti mutandipeza pamsika ndikunenerera tomato simungandisiyanitse ndi mayi wa ku Malingunde. Chimene tinalibe ine ndi amuna anga ndi pepala. Tinalowa m'dziko muno kudzera njira za m'nkhalango ya Dzalanyama, mwana wamkazi ali kumsana, wamwamuna asanabadwe, ndipo palibe amene anatidindira kalikonse.

Ndiye panalinso nkhani ya mkono. Kwathu, nthawi imene ndinali khanda, katemera ankatibaya pamkono wamanzere, m'munsi mwa chigongono, pomwe kuno amabaya m'mwamba cha kuphewa. Chipsera changa n'chachikulu ngati njere ya chimanga, chonyezimira. Amayi a pa esiteti ankanena kuti apolisi akakukayikira safunsa zambiri, amangoti pinda malaya tione. Kaya zinali zoona kaya zinali nkhani za pamjigo chabe, ine sindinafune kuti adzayesere pa ine. Ndinkavala za manja aatali chaka chonse, ngakhale mu Okutobala anthu akuwauka ndi dzuwa. Tinalinso ndi lamulo m'nyumba mwathu, lakuti msika wa Mitundu ndiye malire, osapitirira.

Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala banja la ku Nathenje, matenanti ngati ife tomwe. Mayi wa m'nyumbamo ankandiposa zaka zingapo ndipo ndinkawatchula kuti akulu. Anali afupi, a mawu aakulu, oti akamakupatsa moni anthu a kuzigafa za fodya ankayankha nawo. Ndi iwo anayamba kundiseka za juzi yanga.

“Inu, kodi m'thupi mwanumo munaikamo firiji?” ankatero.

Tsiku lina tikuchapa ndinaiwala, ndinapinda manja. Anayang'ana chipseracho, anandiyang'ana kumaso, kenako anangoti, “Tandipatsirani sopoyo.” Sanafunse tsiku limenelo, sanafunsenso tsiku lina lililonse. Koma nthawi yanga itakwana yokachira mwana wamwamuna, ndi iwo anandiperekeza kuchipatala, ndipo mafunso a mudzi ndi mfumu ankayankha ndi iwo ine ndisanatsegule pakamwa. Nawonso atadzachira chitsirizira chawo, kamtsikana, amene anadikirira ndi kukasambitsa koyamba ndinali ine. Amuna athu ankabwerekana makasu ndi pampu ya njinga. Ana ankadya kulikonse kumene chakudya chayamba kupsa.

Mwana wanga wamkazi atafika zaka zisanu ndi zitatu, ndinamuphunzitsa chinthu chimodzi, mobwerezabwereza ngati katekisimu. Ndinkati, “Tsiku lina dzuwa likadzapendeka ine ndi bambo ako tisanabwere, usadzafunse munthu, usadzalire panja. Udzatenge mlongo wako, mudzalowe m'nyumba mwa amayi akulu, mudzakhale momwemo.” Akuluwo ankadziwa za pangano limeneli. Nditawauza anangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'kupitiriza kupeta chimanga chawo. Chifukwa cha nyumba imeneyo ndinkatha kupeza tulo.

Chaka chimene ndikunenachi kunamveka kuti anthu obwera opanda mapepala akutoledwa. Magolosale ena pamsika anatsekedwa, eni ake osaoneka. Bambo wina wa kwathu konko, amene ankagulitsa usipa panjinga, anapita kutauni kukaoda ndipo sanabwerere. Mkazi wake anatha milungu iwiri akufunsa m'zipatala, mpaka uthenga unabwera wakuti bamboyo anakasiyidwa kumalire. Ine ndikamuona mayiyo pamjigo ndinkakumbukira mwambi uja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndi mkati mwa zimenezo mmene akulu anandiuza kuti akuchoka. Apongozi awo aamuna anali atamwalira n'kusiya munda ndi dimba ku Nathenje, ndiye fodya akangotha kugulitsa abwerera kwawo. Munthu wabwino akanawasangalalira, chifukwa utenanti si moyo woti n'kuufunira mnzako. Ine ndinakwiya. Ndinatha masiku atatu ndikuwayankha moni ndi mphuno. Tsiku lachinayi anabwera kudzakhala pakhonde panga n'kunena kuti, “Mukatha kutupako mundiuze, ndikufuna mundithandize kutong'ola chimanga.” Ndinalira pomwepo, kenako tinatong'ola chimangacho.

Tsiku la ulendo linali la mu Ogasiti, la mphepo ya fumbi. Ana okulirapo a akulu anali atatsogola kale ku Nathenje. Amuna anga anali atatsanzikana kale ndi anzawo dzulo lake, ndipo m'mawawo anakwera thirakitala ya esiteti kukadula mitengo ya zigafa, ulendo wobwerako madzulo. Ine ndinayamba ndi kukwecha mapoto a akulu kuti asapite nawo akuda kwa apongozi. Juzi yanga inanyowa n'kudetsedwa ndi mwaye, ndiye ndinaitsukuluza n'kuiyanika pampanda. Ndinatsala ndi bulauzi ya manja aafupi. Ndinati pageti pokhapa andione ndani. Nyemba zinali pamoto. Ndinauza mwana wanga wamkazi kuti, “Uzisonkhezera moto, ndikungowaperekeza pageti.”

Katundu anakwezedwa pangolo: matumba a chimanga, mphasa, ndowa, njinga, nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Pomaliza bambo a m'nyumbamo anazula chitseko, poti anagula okha, n'kuchigoneka pamwamba pa zonse. Nyumba ija inangotsala kukamwa yasa. Sindinafune kuiyang'ana kawiri.

Munthu superekeza mnzako uli chimanjamanja, umamulandira katundu. Ine ndinalandira mwana wawo wakhanda uja. Ndinamubereka kumsana, wa miyezi isanu, wofunda, akununkhira mkaka, ndipo tinayamba kutsatira ngolo. Titafika pageti akulu anati, “Bwererani apa, mwatiperekeza.”

“Ndifike pamlathopo,” ndinatero.

Pamlatho anatambasula manja kuti alandire mwana. Ndinati wagona, tisamudzutse, ndifike pamsika. Anandiyang'ana n'kubweza manja awo. Tinayenda tikukamba zopanda pake, za mbewu ya nyemba imene anandisiyira, za mayi wina amene ankabwereka sefa osabweza.

Pamsika wa Mitundu panali kalole kamatola kamene anapangana nako. Amuna anasamutsa katundu, akulu anakwera kumbuyo n'kukhala pathumba la chimanga. Ine ndinati mwana sapatsirana m'mwamba ngati dzungu, ndikwere ndimumasule bwinobwino. Ndinakwera. Ndili mkati momasula mfundo ya chitenje, dalaivala analiza injini, galimoto n'kuyamba kuyenda. Apa ndinene zoona, poti ndakula tsopano. Ndikanatha kumenya denga kuti aime. Dzanja ndinali nalo, denga linali pafupi. Sindinamenye. Mumtima ndinkati pang'ono pokha, ndikatsikira patsogolopa.

Patsogolopa panakhala patsogolo pena. Phiri la Bunda, limene zaka zonsezo ndinkaliona lili kutsogolo, ndinaliona lili pambali, kenako lili kumbuyo. Apo m'pamene nzeru zinabwerera. Ndinayang'ana mikono yanga ili pamtunda, chipsera chikuwala padzuwa. Ndinalibe foni, poti imodzi yomwe tinali nayo inali m'thumba mwa amuna anga kutchire. Panalibe munthu pa esiteti amene ankadziwa kumene ndili. Ana anga ankadziwa kuti ndili pageti.

“Akulu, kutsogoloku kuli apolisi?” ndinafunsa.

Amuna a akulu ndi amene anayankha, maso ali kumbali. “Pamsewu waukulu pamakhala rodibuloko, mlamu. Ife timayesa mutsikira pamsika.”

Kutsika pamenepo sikukanathandiza, chifukwa tinali titakhotera kale mumsewu waukulu ndipo migolo yopaka utoto inkaoneka patsogolo. Munthu wodumpha m'galimoto apolisi akuona ndiye amene amayamba kugwidwa. Akulu sanataye nthawi. Anamasula mwana kumsana kwanga, anamugoneka pamkono wanga wamanzere, pachipsera penipeni, n'kufunditsa shawelo kuyambira paphewa langa mpaka kuzala.

“Musamusiye mwanayu, zivute zitani,” anatero motsitsa mawu. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa.

Anatiimitsa. Wapolisi wamwamuna anapita kwa dalaivala, wamkazi anabwera kumbuyo kwathu. Anali mayi wa msinkhu wanga, wooneka wotopa, milomo itauma ndi mphepo. Anabaya thumba limodzi ndi chala, anasuzumira pansi pa chitseko, anafunsa kumene tikuchokera ndi kumene tikupita. Bambo aja anafotokoza. Kenako anati, “Zitupa.”

Bambo anatulutsa chawo. Akulu anamasula chawo pamfundo ya chitenje. Ine ndinalibe chotulutsa. M'maso mwanga munkangobwera mwana wanga atagwada pamafuwa akuuzira moto.

“Nanga awa?”

Ndisanapume n'komwe akulu ananditembenukira ndi ukali umene sindinauonepo. “Iwe, sindinakuuze dzulo kuti uike chitupa m'chikwama? Wasiyanso? Bwana, mng'ono wangayu anandilemetsa. Tsiku lina adzaiwala mutu pamtondo.”

Zaka zonsezo anali asananditchulepo kuti iwe. Ndinaweramitsa nkhope, ndipo manyazi ake sanali ochita kupanga. Koma kukalipa kuja kunadzidzimutsa mwana, ndipo anayamba kulira, kulira kwenikweni kokoka mpweya. Ndinamugwedeza, osatheka. Wapolisi uja anaima pomwepo akutiyang'ana.

“Mayi, mwana akulira chonchi inu mukungomuyang'ana? Muyamwitseni.”

Mayo ine. Kumupereka kwa mayi wake kunali kuvundukula mkono, komanso kuvomera kuti takhala tikunamizira. Wanga wamwamuna anali atasiya kuyamwa zaka zitatu zapitazo, m'mawere munalibe kadontho. Ndi dzanja lamanja ndinakweza bulauzi n'kumupatsa bere louma. Mwana anagwira. Anakoka kamodzi, kawiri, n'kukhala chete, maso ake ali pa ine ngati akufunsa kuti nanga izi ndiye ziti. Ndinkapemphera kuti Ambuye, mwanayu asalavule, angopirira pang'ono. Nditaponya diso kwa akulu ndinaona kuti bulauzi yawo yayamba kunyowa pachifuwa, mkaka ukutuluka wokha chifukwa cha kulira kwa mwana wawo. Anapinda manja pachifuwa n'kuyang'ana kumbali ngati munthu amene wanyansidwa ndi mng'ono wake.

Wapolisi anabweza zitupa ziwiri zija. “Chitupa muziyenda nacho, mayi. Masiku ano si akale.”

“Ndamva, bwana,” ndinatero. Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

Galimoto itangodutsa migolo ija mwana analavula bere n'kukuwa mokwiya, ndipo mayi wake anamulanda. Bambo aja anaseka kuseka kwa munthu amene wapulumuka, koma akulu anawadula. “Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Munthuyu abwerera bwanji?”

Funso limenelo linandikhala pamutu njira yonse. Ku Nathenje anatilandira bwino, anthu a kumudziko anabwera kudzatsitsa katundu, wina anandiyalira mphasa, wina anabweretsa thobwa. Thobwalo sindinalikhudze. Ndinkangoyang'ana chithunzithunzi cha nyumba chikutalika pabwalo. Njira yobwerera inali yomweyo, migolo yomweyo, ndipo ulendo uno ndikanadutsa ndekha, wopanda mwana, wopanda mkulu wondikalipira. Bambo aja anadzipereka kuti andiperekeza. Akulu anakana.

“Apolisi aja anaona amayi awiri ndi mwana. Akaonenso amayi awiri ndi mwana.”

Anali asanalowe n'komwe m'nyumba yawo yatsopano. Anangomwa madzi, anayamwitsa mwana mpaka anakhuta n'kugona, anandipatsa, n'kufunditsanso shawelo ija. Choncho amene ndinamuperekeza m'mawa anayamba kundiperekeza ine masana. Tinayenda mpaka pamsewu, tinakwera minibasi yopita kutauni, tinakhala mothinana pampando wakumbuyo. Akulu anaika dzanja pantchafu yanga n'kukanikiza.

Pa rodibuloko panali wapolisi wamkazi yemwe uja. Anasuzumira pawindo, anayang'ana anthu mmodzimmodzi, maso ake n'kudzaima pa ife. Anatizindikira.

“Mwabwereranso?”

“Tikukatenga chitupa chija, bwana,” anatero akulu. “Ndikamusiya yekha akabwera ndi khadi ya kusikelo.”

Anthu m'minibasi anaseka. Wapolisi naye anamwetulira pang'ono, anamenya denga ndi dzanja, ndipo tinadutsa.

Tinatsikira pamphambano pamene msewu wa ku Mitundu umapatukira. Kutsanzikana kumene ndinakukonzekera mwezi wathunthu kunachitikira pamenepo, m'fumbi, pakati pa ogulitsa nzimbe ndi makondakitala akukokerana anthu. Minibasi ya ku Mitundu inali itatsala munthu mmodzi. Kutsidya kwa msewu ina ya ku Nathenje inkaliza hutala. Ndinapereka mwana, ndipo pamene anagona pamkono panga panatsala thukuta lozizira. Akulu anavula juzi yawo yofiirira, yong'ambika pachigongono, n'kundiveka okha ngati akuveka mwana, mkono uwu, kenako uwu.

Ndinati, “Akulu, ine ndiye nditani tsopano?”

Sanandinamize kuti zonse zikhala bwino. Anakonza kolala ya juzi ija, maso ali ofiira, n'kunena kuti, “Kwerani, ana akudikira. Ndipo musandiperekezenso, mwamva?”

Ndinakwera. Pawindo ndinawaona akuwoloka msewu mothamanga, mwana ali pachifuwa, osacheuka. Mpaka lero sindinawaonenso ndi maso. Timamvana pafoni nthawi zina, ndipo amayamba ndi kufunsa ngati chitupa chija ndinachipeza.

Kuchokera pamsika wa Mitundu kukafika ku esiteti ndinathamanga, ine mayi wa ana awiri, patapata m'manja. Dzuwa linali litapendeka kwambiri. Thirakitala inali isanabwere. Pakhomo panga panali zii. Moto unali utazima, nyemba zitapserera mpaka poto kuda mkati, juzi yanga itagwa pampanda n'kukwiririka ndi fumbi. Ndinaitana mwana wanga wamkazi, osayankha. Ndinaitana wamwamuna. Ndinalowa m'nyumba, ndinasuzumira ngakhale pansi pa bedi, ndinathamangira kumjigo, ndinafunsa amayi amene ndinawapeza. Anati sanawaone chiyambire masana. Ndinayamba kuganiza za chitsime chakale cha kumunsi kwa nazale, ndipo ndinali nditayamba kale kulowera komweko pamene ndinadutsa pa nyumba yopanda chitseko ija.

Ana anga anali m'menemo. M'nyumba mopanda mphasa, mopanda mpando, mongotsala mafuwa atatu ndi chitsononkho cha chimanga. Mwana wanga wamkazi anakhala pakona atatsamira khoma, mlongo wake atagona pamiyendo pake. Pambali anaika kathumba ka pulasitiki, ndipo nditasuzumira ndinaonamo malaya awo awiri, buku lake la kusukulu ndi supuni. Anandimva ndikuitana nthawi yonse ija, koma ankaopa kuti mwina ndabwera ndi anthu. Nkhope yake inali youma, sanalire panja monga ndinamuuzira.

Ndinagwada pansi n'kuwakumbatira onse awiri, ndipo wamkaziyo ananunkhiza juzi ija n'kuizindikira.

“Munati mukapanda kubwera tizilowa muno,” anatero.

“Ndinatero, mwanawe. Wachita bwino.”

Anayang'ana pakhomo popanda chitseko, pamene mphepo inkalowetsa fumbi ndi mankhusu.

“Nanga tsiku lina tidzalowe kuti?”

Ndinanyamula mlongo wake, iye ananyamula kathumba kaja, ndipo tinabwerera kukakwecha poto wa nyemba bambo awo asanafike.